Momwe mungawerengere makhadi a mnzanu musanakweze pa mpikisano wa poker

Mu 2007 Raymond Rahme wa kuno ku South Africa anamaliza pa nambala 3 pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas, ndipo analandira madola oposa 3 miliyoni. Amalawi ena amene timakumana m'makasino a Montecasino ndi Emperors Palace timalota zomwezo. Koma ndaona abale ambiri akutuluka mpikisano usanafike pakati, chifukwa chokweza beti asanadzifunse kuti mnzawoyo wagwira chiyani.

Choyamba, yambani kuwerenga munthu muli chete. Mukataya makhadi anu, musathamangire pa foni. Onani amene amalowa dzanja lililonse (ulendo uliwonse makhadi akagawidwa), ndi amene wakhala ola lathunthu manja ali m'khwapa. Makhadi akatsegulidwa kumapeto, kumbukirani zomwe aliyense anali nazo ndi momwe anabetchera.

Chachiwiri, onani pomwe wakhala. Wokweza ali woyambirira kulankhula amadziwa kuti kumbuyo kwake kudakali anthu ambiri, choncho nthawi zambiri amakhala ndi zolimba. Wa pa button (malo a wogawa makhadi, pomwe kumbuyo kwake kwatsala anthu awiri okha) amatha kukweza ndi zilizonse pofuna kungotola ma blinds, omwe ndi mabeti okakamiza amene awiriwo amaika makhadi asanagawidwe.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani: musalote kuti mnzanuyo ali ndi makhadi akutiakuti okha. Mu Texas Hold'em, mtundu wa poker womwe tikukamba pano, makhadi awiri oyambira a munthu aliyense amatha kubwera m'njira 1,326. Ntchito yanu ndi kuchepetsa gulu limeneli pang'onopang'ono, pa flop (makhadi atatu oyamba otsegulidwa patebulo kuti onse agwiritse ntchito), pa turn (khadi lachinayi) mpaka pa river (lachisanu ndi lomaliza), malinga ndi zomwe munthuyo akuchita.

Tiyerekeze kuti ma blinds ali pa 500 ndi 1,000, inu muli ndi ma chips (timabatani tobetchera) okwana 40,000. Bambo wachikulire amene sanasewere kwa nthawi yaitali wakweza kufika 2,500 ali koyambirira. Inu muli pa button ndi A ndi Q, onse a mtima, ndipo mwalowa polipira 2,500yo. A ma blinds ataya, pakati pali 6,500. Flop yabwera K wa mtima, 7 wa mtima ndi 2 wakuda. Bamboyo waponya 3,000 osazengereza.

Mtima umagunda apa, chifukwa khadi limodzi la mtima likupatsani flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) yoposa zonse. Makhadi a mtima otsala ndi 9. Mwayi woti limodzi ligwe pa turn ndi pafupifupi 19 pa 100, ndipo mukaona turn ndi river yomwe umafika pafupifupi 35 pa 100. Kuti mupitirire mukulipira 3,000 pa mphika womwe ukhale 12,500, kutanthauza 24 pa 100. Pa khadi limodzi mwapereweza pang'ono, koma flush ikagwa bamboyo adzakulipiraninso, ndiye kutsatira kuli bwino.

Nanga kukweza? Chachinayi ndi funso limene ine sindikweza ndisanaliyankhe: ndani woposa ine amene ataye, kapena ndani wochepera ine amene alipire? Bambo uyu mwina ali ndi A-K, ma A awiri, ma K awiri kapena ma Q awiri. Mwa zonsezi, ma Q okha ndiye angathawe. Mukakweza, akhoza kukankha ma chips ake onse, inu n'kuika mpikisano wanu wonse pa dzanja lomwe silinapse. Apa ingolipirani 3,000yo. Koma akanakhala mnyamata amene wakweza kasanu m'manja khumi apitawo, kukweza kufika 9,000 kukanakhala nzeru, poti manja ake ambiri sanakhudze K uja ndipo ataya.

Chachisanu, werengani ma chips anu poyerekeza ndi big blind, yomwe ndi blind yaikulu ija. Mukatsala ndi ochepera ma big blind khumi, kukweza pang'ono kulibe phindu: kankhani onse kapena tayani. Onaninso a mnzanuyo. Musaopseze munthu amene watsala ndi ochepa kwambiri, alibe pothawira.

Nthawi ya bubble, pamene kwatsala munthu mmodzi kapena awiri kuti otsala onse alandire ndalama, zinthu zimasintha. Amene ali ndi ma chips apakatikati amaopa kutuluka chimanjamanja, ndiye amataya msanga. Ngati muli ndi ambiri, akwezereni amenewo. Ngati wapakatikati ndinu, musalimbane ndi wokuposani popanda dzanja lenileni.

Za nkhope ndi kunjenjemera kwa manja musazidalire kwambiri. Ambiri amanjenjemera akagwira zabwino, osati akamanama. Kukula kwa beti kumanena zambiri kuposa maso.

Mawu amodzi kwa abale anga a ku Mayfair ndi ku Rosettenville: ndalama yolowera mpikisano ikhale yomwe mwaipatula kale, osati ya lendi kapena yotumiza kumudzi pa Mukuru. Malamulo a kuno salola wosakwana zaka 18 kulowa m'kasino, ndipo amene njuga yayamba kumulamulira angaimbe ulere pa 0800 006 008.