Nyale ya thanki ya makorali: sankhani korali kaye

Amene anawetapo mbuna za m'nyanja ya Malawi amadziwa kuti nyale iliyonse imakwana pathanki yawo, chifukwa nyaleyo ndi yongothandiza mwini wake kuona nsomba. Pathanki ya madzi amchere yokhala ndi makorali, tinyama ta m'nyanja zamchere tooneka ngati zomera kapena miyala, nyale ndi chakudya. M'thupi la korali mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timapanga shuga tikalandira kuwala, ndipo korali amadalira shugayo kuti akhale moyo ndi kukula. Kuwala kukachepa, korali amafooka pang'onopang'ono. Kukachuluka mwadzidzidzi, amataya tindere tija n'kuyera mbee.

N'chifukwa chake munthu akandifunsa nyale yoti agule, ine ndimayamba kumufunsa makorali amene akufuna kuweta. Kuwala kumene makorali amagwiritsa ntchito timakuyeza ndi nambala yotchedwa PAR. Makorali ofewa, monga zoanthid ndi aja ooneka ngati bowa, amakhala bwino pakati pa 50 ndi 150. A minofu yambiri monga Euphyllia, amene amagwedezeka mokongola madzi akamayenda, amakondanso kuwala kwapakatikati, kosapitirira kwambiri 150. Acropora, korali wolimba wokhala ndi nthambi, ndiye wovuta: amafuna 200 mpaka 400, ndipo madzi akasintha pang'ono sachedwa kuonetsa kusakondwa. Ngati mukungoyamba kumene, musiyeni kaye Acropora. Palinso Tubastraea, wachikasu wokongola uja, amene alibe tindere m'thupi mwake. Iye nyale saisamala, amafuna kudyetsedwa kamwa ndi kamwa.

Kenako yezani kuzama kwa thanki. Kuwala kumachepa msanga kukamatsika m'madzi, moti mwala wapamwamba ukhoza kukhala pa 300 pamene mchenga wapansi pa thanki ya masentimita 60 uli pansi pa 100. Zimenezi n'zothandiza: okonda kuwala mumawaika pamwamba, ofewa pansi kapena m'mbali.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa makorali ambiri amafera pamenepa. Maso athu amanama. Diso la munthu limaona kwambiri kuwala kobiriwira ndi kwachikasu, pamene kwa buluu limakuona ngati kozirala. Komatu tindere tija timagwiritsa ntchito kwambiri buluu yemweyo, wa ma nanometer (muyeso wa utali wa mafunde a kuwala) 400 mpaka 500, amenenso amalowa mozama m'nyanja mitundu ina itatha kale. Munthu amayang'ana thanki yake, akuona ngati muli mdima, n'kukweza nyale mpaka mapeto, osadziwa kuti korali akupsa kale. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi mita ya PAR, monga Apogee MQ-510. Ndi yodula ndithu, koma simufunika kukhala nayo yanuyanu. Bwerekani kwa anzanu oweta makorali kapena funsani kusitolo ngati amabwereketsa. Zimitsani mapampu kuti madzi akhale bata, ikani kansonga ka mitayo pamwala uliwonse pamene mukufuna kumata korali, n'kulemba nambalayo pachithunzi cha thanki yanu. Chithunzi chimenecho mudzachigwiritsa ntchito nthawi iliyonse mukagula korali watsopano.

Za mitundu ya nyale sinditalikitsa. Metal halide imakulitsa makorali bwino koma imatenthetsa madzi ndipo imadya magetsi. Machubu a T5 amawalitsa thanki yonse mofanana, opanda mithunzi, kungoti amafunika kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse ngakhale akuyakabe, popeza kuwala kwake kumatsika diso osazindikira. Ambiri masiku ano tili pa LED, monga Radion, AI Hydra kapena Kessil, chifukwa mphamvu ndi mtundu wa kuwala mumasintha nokha. Vuto la LED ndi loti kuwala kumachokera pamalo amodzi, ndiye pakati pamawala kwambiri, m'makona n'kuchepa, ndipo nthambi zapansi za Acropora zimafa ndi mthunzi wa zinzake. Ine ndimaona kuti nyale ziwiri zoyaka theka zimaposa imodzi yoyaka mphamvu zonse. Nyale muzipachika masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa madzi kuti kuwala kumwazike. Nyale ya LED yopangidwira zomera za m'madzi opanda mchere musaigule, buluu wake ndi wochepa.

Nyale yatsopano ikafika, musaiyatse mwamphamvu tsiku lomwelo. Munthu wotuluka m'nyumba ya mdima n'kukumana ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala amatsinzina, koma korali alibe chikope ndipo sangathawire pamthunzi. Yambani pa 30 kapena 40 peresenti ya mphamvu yake, muzikweza pang'ono mlungu uliwonse mukuyang'anitsitsa. Korali akayamba kutuwa kumtunda kwake, kapena zoanthid akamakhala otsekeka masana, tsitsani. Akamasanduka wakhofi, kapena makhosi a zoanthid akamatalika kulondola kumwamba, kuwala mwina kwachepa, ngakhale mtundu wakhofi umabweranso nitrate ndi phosphate, zochokera ku zinyalala za m'thanki, zikachuluka, ndiye yezani madzi musanakhudze nyale. Korali wogula kumene muikeni pamchenga kaye, muzimukweza m'kupita kwa milungu.

Maola 8 mpaka 10 patsiku ndi okwanira, kuyaka ndi kuzima pang'onopang'ono, nthawi yofanana tsiku lililonse. Mukapeza pamene makorali akukondwa, siyani kusinthasintha mphamvu ya nyale. Muzipukutanso galasi la nyale ndi kansalu konyowa ndi madzi opanda mchere, mutazimitsa kaye, chifukwa mchere umaumirapo n'kutchinga kuwala. Kumene magetsi amathimathima, batire yanu ipite kumapampu oyendetsa madzi, osati kunyale. Makorali amapirira mdima wa masiku awiri kapena atatu, koma madzi akaima mpweya umatha m'maola ochepa.