Tengani Tepi Yoyezera Pokatenga Gitala kwa Mmisiri

Ngati mmisiri akukupangirani gitala yosagwiritsa ntchito magetsi kuno ku Chipata, musamalize kulipira musanaiyeze nokha. Yezani utali wa nsambo kuchokera pamene zatsamira kumutu mpaka pamene zatsamira pamimba pa gitalayo. Mwa tizitsulo topingasa pakhosi pake, ka nambala 12 kuwerenga kuchokera kumutu kayenera kukhala pafupifupi pakati penipeni pa utaliwo: utali wonse ukakhala mamilimita 650, kachitsuloko kapezeke cha pa 325, chifukwa kakaphonya, gitalayo sidzamveka bwino ngakhale muichune motani, ndipo kukonza kwake n'kovuta kwambiri.

Funsaninso ngati matabwa ake, kaya ndi a mbawa kapena mlombwa, anauma mokwanira, popeza thabwa laliwisi limapindika kapena kung'aluka kutentha kwa mu Okutobala kukafika. Ine ndimapereka theka la ndalama poyamba, ndipo zotsalazo ndimalipira ndikayeza.