Ngongole munasayina awiri koma khoti lagamula kuti mulipire nokha, poyambira ndi apa

Achemwali anga anatenga ngongole limodzi ndi amuna awo kuti akuze shopu, onse awiri anasayina. Banja litatha bambowo anapita ku Joni nkusiya kulipira, ndiye tsiku lina achemwali anangoona asherifu ali pakhomo ndi pepala loti khoti linagamula kale, iwo osadziwa nkomwe kuti kunali mlandu. Ndinayenda nawo kukhoti mpaka nkhani inakhala pansi, ndipo ngati zoterezi zakugwerani inuyo chonde musagone nazo, masiku amawerengedwa.

Ndiyambe ndi chowawa kuti musataye nthawi. Mawu oti "ine theka langa ndinabweza" kapena "ndalamazo anadya ndi mnzangayo" kukhoti sakupulumutsani. Tengani pepala la ngongole lija muwerenge modekha, mukapeza mawu oti jointly and severally ndiye kuti aliyense wa inu anavomera kubweza ngongole yonse osati gawo lake lokha, ndipo okongoza ali ndi ufulu osankha amene akumupeza msanga, amene ali pantchito ya malipiro a pamwezi kapena ali ndi katundu m'nyumba, nthawi zambiri amakhala amene sanathaweyo. Kutha kwa banja sikufufuta siginecha. Olo ankhoswe atagwirizana kuti ngongole ndi ya bambo, a banki panalibe pa zokambiranazo ndiye sizikuwamanga. Koma onetsetsaninso kuti munasayina ngati ndani, okongola nawo kapena galanta (munthu wolonjeza kubweza ngati wokongolayo walephera), chifukwa galanta amamangidwa ndi zomwe zalembedwa pa pepala lomwe anasayinalo, ngati panali malire a ndalama ndi omwewo, ndipo ngati okongoza ndi mnzanuyo anawonjezerana ngongole kumbali inu osauzidwa imeneyo ndi mfundo yoti loya ayione.

Mawa lomwe pitani ku khoti lomwe lagamulalo ndi nambala ya mlandu, ili pamwamba pa pepala lomwe mwapatsidwa, mukapemphe kwa akalaliki kuti muone fayilo komanso mutenge kope ya chigamulo. Chomwe mukufuna kudziwa ndi chimodzi, chigamulochi chinabwera inu mutamvedwa kapena musanamvedwe? Makomo ake ndi awiri osiyana ndipo anthu ambiri amagogoda polakwika.

Ngati simunayankhe samani ndipo simunakaonekere, chimenecho amati default judgment, ndipo simuyamba ndi apilo ayi, mumabwerera ku khoti lomwelo nkupempha kuti chigamulocho achichotse mlandu umvedwe bwinobwino. Ku High Court malamulo a 2017 amapereka masiku 14 oti munthu ayankhe akalandira samani, ndipo pempho lochotsa chigamulo chotere lizipita pasanathe miyezi 3. Ikadutsa miyeziyo mukuyenera kufotokoza chomwe chinakuchedwetsani ndipo ajaji akhoza kukana. Pempholi limapita ndi sworn statement, kalata yomwe mumalumbira pamaso pa commissioner for oaths (munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu), ndipo muli zinthu ziwiri zoti zimveke: chifukwa chomwe simunayankhire, ndi mfundo zomwe mukutsutsira ngongoleyo. Pa choyambacho yang'anani mufayilo pepala losonyeza kuti samani anaperekedwa kwa ndani, kuti, tsiku liti. Pa ngongole ya anthu awiri apa mpamene pamapezeka zolakwika kawirikawiri, samani amasiyidwa kunyumba yakale kapena kwa mnzanu uja iye nkungokhala nawo chete. Kwa achemwali anga zinali choncho, anakasiyidwa kunyumba yomwe anali atasamukako kalekale, ndiye tinapereka kalata ya alandilodi atsopano yosonyeza mwezi omwe analowa.

Tsopano pa mfundo zotsutsira ngongole, apa mpamene ndikufuna mukhalepo nthawi, chifukwa kungolira kuti sindinauzidwe sikokwanira, khoti limafuna kuona kuti mukapatsidwa mpata muli ndi chonena chenicheni. Ndipo chonena chenicheni nthawi zambiri chimakhala mu masamu. Lembani kalata kwa okongoza yopempha sitetimenti yonse kuyambira tsiku lomwe ndalama zinatuluka, musunge kope yodindidwa. Kenako sonkhanitsani chilichonse, madipoziti silipi, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, mapeyi silipi ngati ankadula kuntchito, nkukhala pansi ndi kope ndi bolopeni kufananiza mwezi ndi mwezi. Ndalama iliyonse yomwe mnzanuyo anabwezapo ikuyenera kuchepetsa ngongole ya nonse, okongoza sangatolere kawiri. Ngati analanda chikole, kaya galimoto kaya filiji, nkugulitsa, funsani kuti anagulitsa zingati ndipo ndalamayo ikuoneka pati pa sitetimenti. Onaninso chiwongola dzanja chomwe awerengera ngati chili chomwe munagwirizana, zindapusa zochedwera ngati zinalembedwa mu mgwirizano, ndi ndalama zina zomwe zangotulukira opanda dzina lomveka. Tiyerekeze akuti mwatsala ndi K3,000,000 koma malisiti anu akuonetsa K700,000 yomwe sanaiwerengere, imeneyo ndi mfundo yoti ajaji angaimvere, ndipo ikachoka chiwongola dzanja chomwe chinakwera pamwamba pake chikuyenera kutsikanso. Ife tinapeza miyezi ingapo yomwe achemwali analipira pa foni koma sinalowe, ndipo ndi zimenezo zinatsegula chitseko.

Ngati ngongoleyo ndi ya katapila kapena chiwongola dzanja chake ndi chophana nacho, dziwani kuti kuli lamulo lotchedwa Loans Recovery Act lomwe limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongola dzanja chanyanya ndipo mgwirizanowo ndi wofinya, olo munasayina ndi dzanja lanu. Komanso ngongole ya mgwirizano ili ndi zaka 6 zoti munthu akasumire, kungoti mukalipirako pang'ono kapena kuvomera polemba kuti ngongole ilipo zakazo zimayambiranso.

Khomo lachiwiri ndi la amene munapita kukhoti, munayankhula, koma mwaluza. Apa ndiye apilo. Chigamulo cha amajisitireti chimapita ku High Court, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu malinga ndi komwe muli, ndipo chidziwitso cha apilo chilowe pasanathe masiku 14. Cha ku High Court chimapita ku Supreme Court of Appeal, masabata 6 ngati ndi chigamulo chomaliza mlandu, masiku 14 ngati ndi chapakati. Mukachedwa mumayamba mwapempha kuti akuwonjezereni nthawi ndipo pamafunika chifukwa chomveka. Apilo sikuti mukukayambiranso nkhani, ajaji amawerenga zomwe zinanenedwa kale nkuona ngati oweruza woyamba analakwitsa lamulo kapena sanalabadire umboni omwe unalipo, malisiti omwe munawaiwala kunyumba tsiku lija kuwalowetsa pa apilo nkovuta kwambiri. Ndipo ngati munasayina consent judgment, kuvomera nokha pamaso pa khoti, kuitembenuza nkovutiratu.

Maganizo anga ndi awa, ngati mwawerengera ndipo masamu awo ndi olondola musachite apilo chifukwa cha mkwiyo, mukaluza ndalama za maloya a mbali inayo zikhoza kugwera inu pamwamba pa ngongole yomwe ikukulabe. Bola kupempha khoti kuti muzilipira pang'onopang'ono, mupite ndi umboni wa zomwe mumapeza pamwezi, lendi, fizi ya ana, ndipo mutchule ndalama yomwe mungakwanitsedi.

Chinthu chomwe chimapweteketsa anthu ambiri ndi ichi, kupereka pempho lochotsa chigamulo kapena kuchita apilo sikuimitsa asherifu pakokha. Mukuyenera kupempha padera kuti khoti liyimitse kaye kulanda katundu, maloya amati stay, ndipo mupereke tsiku lomwelo limodzi ndi pempho linalo, chikalatacho chikatuluka chikafike kwa asherifu ndi kwa loya wa okongoza. Popanda chimenecho akhoza kugulitsa katundu, kugwira ndalama za mu akaunti yanu ku banki kapena kupeza lamulo loti azidula kumalipiro, inu mukudikira tsiku la mlandu. Asherifu akafika musalimbane nawo ndipo musazembetse katundu, pemphani kuona chikalata cha khoti ndi chiphaso chawo, chilichonse chomwe atenga chilembedwe inu mutsale ndi kope. Ngati atenga katundu wa munthu wina, wa alandilodi kapena wa m'bale amene mukukhala naye, mwini wakeyo apite msanga ndi malisiti kukadandaula katunduyo asanagulitsidwe.

Ngati ndalama ya loya palibe pitani ndi mapepala onse ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu omwe sangakwanitse kulipira loya, akaunika mmene mumapezera nkuona ngati angakuthandizeni. Madobadoba ozungulira pakhoti oti tikukonzerani apeweni, ndalama iliyonse ya khoti lipirani kwa kashiya mutenge lisiti.

Nanga mnzanu uja? Sanapulumuke ayi. Mlandu ukatsegulidwanso mutha kupempha kuti naye alowetsedwe, ndipo mukalipira kuposa gawo lanu muli ndi ufulu omusumira kuti akubwezereni gawo lakelo. Nchifukwa chake muzilipira m'dzina lanu, mwachindunji kwa okongoza kapena kwa loya wawo, musamapatsire mnzanuyo kuti akakulipirireni, ndipo lisiti iliyonse muijambule pa foni chifukwa inki yake imafufutika. Mauthenga a pa WhatsApp omwe akuvomera kuti ndalama anagwiritsa ntchito ndi iye musawafufute, pa mlandu ndi banki sathandiza kwenikweni koma pa mlandu wa inu ndi iyeyo ndi umboni. Mukamaliza kulipira pemphani kalata yosonyeza kuti ngongole yatha, mukaisiye mufayilo ya kukhoti, kope ina mupite nayo ku credit reference bureau, komwe amasunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole, kuti akonze mbiri ya dzina lanu musanakapemphe ngongole ina.