Kukonza camber ndi toe kumatayala akumbuyo a galimoto yaing'ono

Magalimoto aang'ono ambiri amene adzaza m'misewu ya Lilongwe, monga Vitz, Passo, Demio, March, Fit ndi Sienta, alibe bawuti yosinthira alayimenti (kaimidwe ndi kalozedwe ka matayala) kumbuyo. Matayala awiri akumbuyo amagwiridwa ndi chitsulo chimodzi chopingasa chomwe amakaniko amati bimu, ndipo kapendekedwe ka matayalawo kanaikidwiratu kufakitale. Galimoto yotere ikayamba kudya matayala akumbuyo mkati kapena kuyenda chammbali ngati nkhanu, ndiye kuti china chapindika kapena chatha. Yambani mwachipeza chimenecho musanagwire sipanala.

Camber ndi kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana muli kumbuyo kwa galimoto. Pamwamba pakalowa mkati, camber ndi ya negetivu, ndipo pang'ono pokha imathandiza kuti tayala lakunja ligwire bwino msewu pakona. Toe ndi komwe tayala laloza mukaliyang'ana kuchokera pamwamba: kutsogolo kwake kukaloza mkati ndi toe-in, kukaloza kunja ndi toe-out. Pa magalimoto aang'ono ambiri camber yakumbuyo imakhala pakati pa -0.5 ndi -1.5 digiri, pomwe toe-in ya matayala onse awiri pamodzi imakhala mamilimita 1 mpaka 4. Manambala enieni a galimoto yanu ali m'buku lake kapena mu kompyuta ya pamalo oyezera alayimenti, ndipo tsatirani amenewo.

Chimadya matayala kwambiri ndi toe. Tayala la rimu ya mainchesi 14 likaphonya ndi mamilimita 2 okha, limakhala lapotoka pafupifupi digiri 0.3, kutanthauza kuti pa kilomita iliyonse likukhulidwa chammbali mamita 5. Ulendo umodzi wa ku Blantyre, tayalalo lakwekwerezedwa pa tala mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Yendetsani dzanja mopingasa pamwamba pa tayala: mukamva kusalala mbali ina, mbali ina kukukanda ngati mano a sowo, vuto ndi toe. Camber yopitirira imadya m'mphepete mwamkati mosalala, ndipo imachedwerapo.

Musanayeze

Popani matayala onse molingana ndi pepala lomatidwa pachitseko cha dalaivala. Tsitsani katundu m'buti, mafuta akhale cha pakati pa thanki. Kwezani kumbuyo ndi jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, bering'i yatha ndipo muyeso uliwonse ukhala wabodza. Onani mabushi awiri aakulu amene amalumikiza bimu ku bodi. Labala ikang'ambika, bimu yonse imasuntha mukaponda buleki kapena mukadula kona, kotero muyeza lero mupeza china, mawa china. Yezaninso kutalika kuchokera pakati pa wilo kufika pamlomo wa mudigadi mbali zonse ziwiri. Kusiyana kopitirira mamilimita 10 kumaloza ku sipuling'i yotopa, matenda a galimoto zonyamula anthu ndi matumba a chimanga kupyola muyeso.

Kuyeza ndi ulusi

Makina a kompyuta ndi abwino, koma ulusi wa mbedza umaonetsa zoona ngati wogwira ali wodekha. Pezani simenti yosalala yosatsetsereka, mapaipi awiri owongoka a mamita awiri, zoikirapo mapaipi zinayi, rula yachitsulo ndi levulo ya amisiri omanga. Gonekani mapaipiwo pamodzi n'kucheka timizere tiwiri pa iliyonse nthawi imodzi, kuti mpata pakati pa timizereto ukhale wofanana ndendende pa mapaipi onse. Ikani paipi imodzi kutsogolo kwa galimoto, ina kumbuyo, pa msinkhu wa pakati pa wilo, kenako kungani ulusi mbali zonse ziwiri kudutsa m'timizere tija.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezera. Amafuna kuti mpata wochoka pa ulusi kufika pa habu, chitsulo chapakati chomwe wilo imamangidwapo, ukhale umodzi pa mawilo onse anayi, chonsecho kutambalala kwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kumasiyana. Chofunika n'chakuti kumanzere ndi kumanja kufanane kutsogolo paokha, kufananenso kumbuyo paokha. Sunthani mapaipi mpaka zitero, osakhudzanso.

Tsopano yezani kuchokera pa ulusi kufika pamlomo wa rimu, kutsogolo kwa wilo ndi kumbuyo kwake. Nambala yakutsogolo ikakula, tayalalo lili toe-in. Marimu ambiri muno anamenyapo maenje a nyengo ya mvula, choncho kankhani galimoto kuti wilo izungulire theka, konzaninso ulusi, yezaninso, n'kutenga nambala yapakati.

Tiyerekeze kuti kumanzere mwapeza mamilimita 52 kutsogolo ndi 50 kumbuyo, kumanja 49 kutsogolo ndi 50 kumbuyo. Lakumanzere lili toe-in mamilimita 2, lakumanja toe-out milimita 1. Mukaphatikiza mupeza toe-in ya milimita 1, yooneka ngati yabwino, koma matayala onse awiri aloza kumanja. Mbuyo ya galimoto ikukankhira kumanja, mphuno ikufuna kupita kumanzere, ndipo dalaivala akuyenda atapotozera chiwongolero kumanja. Galimoto yotere ena amaikonza kutsogolo kambirimbiri, chiwongolero n'kuwongoka, koma matayala akumbuyo n'kumangothabe. N'chifukwa chake pokonza timayamba kumbuyo, kutsogolo kumatsatira.

Camber ndi yosavuta. Imikani levulo molunjika pambali pa wilo, yezani mpata kufika pamlomo wa rimu pamwamba ndi pansi. Pa rimu ya mainchesi 14, kusiyana kwa mamilimita 6.5 ndi pafupifupi digiri imodzi. Pa ya 15 ndi mamilimita 7. Mbali ziwirizi zisasiyane kupitirira theka la digiri.

Galimoto ya bimu

Yang'anani kuseri kwa dilamu ya buleki. Ngati habu yamangidwa ku bimu ndi mabawuti anayi, mungathe kuikapo shimu, kachitsulo kapena kapulasitiki kolimba kokhuthala mbali imodzi, kopyapyala mbali ina. Ngati chitsulo chonyamula habu chinawotcheredwa ku bimu, shimu ilibe polowa ndipo njira ndi kusintha bimu basi.

Shimu imagwira motere: kokhuthala kukakhala chakumbuyo, toe-in imawonjezeka, kukakhala pansi, camber ya negetivu imawonjezeka, kukakhala pangodya, zonse ziwiri zimasintha pamodzi. Kumbukirani kuti mabawuti a habu ndi oyandikana pomwe wilo ndi yotambalala. Ngati mabawuti atalikirana mamilimita 100, kukhuthala kwa milimita 1 kumapotoza wilo kupitirira theka la digiri, komwe ndi pafupifupi mamilimita 4 pamlomo wa rimu. Kukonza toe-out ya milimita 1 ija kuti ifike toe-in ya milimita 1 kumangofuna theka la milimita.

Chotsani wilo ndi dilamu, zulani waya wa sensa ya ABS (yothandiza kuti mawilo asamangike mukaponda buleki mwamphamvu) mosamala, masulani mabawuti anayi aja. Palani dzimbiri lonse pankhope ya bimu mpaka chitsulo chiwale, chifukwa kadzimbiri kotsalira nakonso kamasanduka shimu. Shimu ikhale kuseri kwa mbale yonyamula nsapato za buleki kuti mbaleyo ipendekeke limodzi ndi dilamu. Mukaiika pakati pa mbale ndi habu, nsapato zidzagwira mbali imodzi. Samalani paipi ya mafuta a buleki isapindike. Mangani mabawuti modumphanitsa, pang'onopang'ono, ndi sipanala yoyezera mphamvu pa nambala ya m'buku. Manati a wilo pa ma Toyota aang'ono amamangidwa pa mphamvu ya 103 Nm pa sipanala yomweyo. Tsitsani galimoto, ikankheni kutsogolo ndi kumbuyo mamita angapo kuti ikhazikike, yezaninso.

Pali njira ziwiri zachidule zofala m'magalaja zomwe muyenera kukana. Yoyamba ndi kulowetsa mawashala pa mabawuti awiri m'malo mwa shimu. Habu imatsamira pa timalo tiwiri, pakati pali mpata, ndipo pa mahampu ndi msewu wafumbi wa mabampu mabawuti amamasuka kapena kuduka. Yachiwiri ndi kutenthetsa bimu ndi gasi n'kuiwongola. Bimu inapangidwa kuti izipotoka ndi kubwerera ngati sipuling'i. Moto umachotsa kulimba kumeneko, ndipo pamalo powotchedwapo pamapindikanso kapena kung'aluka. Wilo ikaphonya kupitirira digiri imodzi, funani bimu ina kwa ogulitsa zipangizo ku Biwi kapena kwina, ndipo iyezeni ikangomangidwa, popeza yakale nayonso ikhoza kubwera yopindika.

Galimoto ya mikono yambiri

Mazda Axela, Golf 5 ndi zina zotere zili ndi mikono yodziimira payokha pa wilo iliyonse. Izi zili ndi bawuti ya washala wopendekera, wokhala ndi timizere, pamalo pomwe mkono wakumana ndi chimango cha pansi. Pa Golf 5 camber ndi toe zonse zimasinthika. Pa zina ndi toe yokha. Lembani ndi penti pomwe washala ali musanamasule. Gwirani mutu wa bawuti, masulani nati pang'ono chabe, tembenuzani bawutiyo kamzere kamodzi kamodzi mukuyeza. Yambani ndi camber, chifukwa kuisintha kumasunthanso toe. Galimoto ikhale itaima pa matayala ake, pa dzenje la galaja, ndipo pansi pa tayala lililonse ikani matailosi awiri opaka girisi pakati kuti wilo iterereke momasuka. Mangani nati galimoto ili chomwecho. Mukamanga wilo ili lende pa jeke, bushi imakhala yopotoka ikatsika ndipo imang'ambika miyezi yochepa.

Magalimoto ochokera kumadera a chipale ku Japan kapena ku UK amabwera bawuti imeneyi itamatirira mkati mwa bushi chifukwa cha mchere wa m'misewu. Mukaikakamiza, chimazungulira ndi labala, muyeso n'kubwerera pomwe unali mukangoyenda. Yotereyo iduleni, muike bushi ndi bawuti zatsopano zopaka girisi.

Manambala oti mulondole

Pa galimoto ya tsiku ndi tsiku, ikani toe-in ya milimita 1 pa wilo iliyonse ndi camber ya pafupifupi -1 digiri mbali zonse, bola zili mkati mwa malire a m'buku. Toe-in ikachuluka galimoto imakhazikika pa msewu wowongoka koma imauma pakona ndi kudya matayala. Toe-out kumbuyo isiyireni a mipikisano. Imapangitsa galimoto kutembenuka msanga, inde, koma pa tala wonyowa, mukachotsa phazi pa moto pakati pa kona monga zija za kumapiri a Dedza, mbuyo imatha kukupitirirani musanadziwe.

Poyesa, pezani msewu wowongoka wopanda anthu ambiri, yendani pa 60 kenako 80. Kukokera pang'ono kumanzere si vuto, misewu yathu imatsetserekera kumeneko kuti madzi azichoka. Mukayenda makilomita 100, onaninso mabawuti onse amene munamasula, ndipo pakatha milungu iwiri yendetsaninso dzanja pa matayala kuti mumve ngati mano a sowo aja akubwerera.