Zitsulo za panyumba pafupi ndi pamene amaphulitsa miyala

Abale amene mukumanga ku Moatize, m'dziko la Mozambique, kufupi ndi migodi ya malasha, kapena pafupi ndi kwale (malo okumba ndi kuphwanya miyala), mverani izi musanapite kwa wowotcherera.

Akaphulitsa mwala, mpweya umayamba wakankha khoma ndi zitseko, kenako umabwerera n'kukoka. Kukokako kumatha kuzula malata, chifukwa msomali umalimba poukhomera pansi koma powukoka umatuluka ngati chinangwa cha pamchenga. Ndiye padenga ikani masikuluwu okhala ndi mawashala, ndipo m'mphepete ndi m'makona muwaike pafupipafupi kuposa pakati. Mitanda yogonekapo malata isatalikirane. Phaso lililonse limangidwe ndi chitsulo chomwe munachikwirira mu konkire ya pamwamba pa khoma, osangolisanjika. Pogula malata kumbukirani kuti geji 28 ndi yokhuthala kuposa 32.

Koma nkhani yaikulu ili polumikizira. Chitsulo chabwino pa ntchito imeneyi ndi chofewa, chomwe chimapindika osathyoka, pakuti popindikapo chimameza mphamvu ya kuphulikako. Ndaonapo chitseko cha sitolo chokhuthala bwino, mwini wake akuchinyadira, koma felemu yake anangoidontheza moto m'makona anayi. Nditalowetsa chikhadabo pamzere wowotcherawo, panali mng'alu kale, dzimbiri litayamba kudya mkati. Chitseko chotere sichipindika ayi, chimachoka chathunthu n'kugwera munthu. Uzani mmisiri awotcherere mzere wonse, agogode zinyalala za pamwamba kuti muone ngati mulibe timabowo, ndipo pamakona awonjezere kachitsulo ka ngodya zitatu. Asagwiritse masipuling'i a galimoto yakufa. Ndi olimba inde, koma akawotcherera amasanduka ngati mbale yadothi.

Felemu ikhale ndi miyendo itatu mbali iliyonse, yolowa m'khoma n'kutsekedwa ndi simenti yamphamvu, osati dothi. Mahinjesi akhale atatu. Mapaipi a pakhonde muwathire konkire mkati kuti asafooke msanga.

Magalasi ndiye amavulaza anthu ambiri pakaphulika chinthu. Mbali yoyang'ana kumgodi ikani mawindo ang'onoang'ono, mumate pulasitiki yoteteza galasi mkati mwake mpaka ilowe mu felemu, ndipo bedi la ana lisakhale pansi pa windo.

Mvula isanayambe kwerani padenga, mangani masikuluwu omasuka, palani dzimbiri n'kupaka penti.