Kuyendetsa gulu loyesa app isanatulutsidwe

Mwafunsa poyambira, popeza mwapatsidwa gulu loyesa app kuno ku Mangochi.

Musanayambe, pezani chikalata chofotokoza zomwe app iyenera kuchita, mafoni angapo a Android (akale omwe), ma SIM a Airtel ndi TNM, komanso malo amodzi olembamo zolakwika, monga Jira.

1. Lembani mayeso onse: chochita ndi chomwe chiyenera kuoneka.
2. Gawani ntchito. Wolemba pulogalamu asamayese yekha zimene walemba.
3. Yambani ndi za ndalama, kulipira pa Mpamba ndi Airtel Money.
4. Yesaninso pomwe netiweki ikuvuta, kutali ndi tauni.
5. Polemba cholakwika, tchulani foni, zomwe munadina motsatana, ndipo ikani chithunzi.
6. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: cholakwika chikakonzedwa, amangoyesa pokonzedwapo. Chonde bwerezaninso mayeso akale, chifukwa pokonza pena amatha kuononga pena.