Momwe mungasankhire benchi yonyamulika yogwirirapo ntchito pa mtengo wofikirika

Amisiri ambiri m'boma la Mchinji sagwirira ntchito malo amodzi. Tsiku la msika pa Kamwendo amapezeka pa Kamwendo, likakwana la pa Kapiri kapena pa Mkanda amamanga zida pa keliyala n'kulawira, ndipo ena amayenda m'midzi kupachika zitseko pa nyumba zimene zangokhomedwa malata kumene. Onsewa, kaya ndi wonola zikwanje ndi masowo, wokonza njinga kapena kalipentala, amafuna pamalo polimba popanirapo chimene akukonza, chifukwa kunola chitsulo atachiponda ndi phazi kumapweteketsa msana ndipo zala zambiri zimatemekera pomwepo. Benchi yonyamulika imathetsa vutoli ngati ili ndi khalidwe limodzi losanyengerera: isamagwedere. Kukongola, penti ndi madirowa mungathe kuzisiya kuti mtengo utsike.

Yambani ndi kudzifunsa ntchito imene mudzagwirirepo kawirikawiri, chifukwa ntchito iliyonse imakankha benchi mwa njira yake. Wopala thabwa amaikankha motsata utali wake, wonola ndi tupa amaigwedeza mopingasa, pamene wokhoma ndi hamala amaimenya kuchokera pamwamba. Dzifunseninso kuti idzayenda pa chiyani. Ngati ndi pa njinga yakapalasa, pamwamba pake pasapitirire masentimita 120 mulitali ndi 50 mulifupi, apo ayi muzidzakola anthu ndi mapesi m'tinjira ta kumunda.

Kenako yezani msinkhu. Imani mowongoka mutatsitsa mikono, ndipo wina ayeze kuchokera pansi kufika polumikizana dzanja ndi mkono. Kwa anthu ambiri pamenepa ndi pakati pa masentimita 85 ndi 90, ndipo ndiwo msinkhu woyenera kupalirapo matabwa. Wonola amafuna kuti milomo ya vayisi, chida chachitsulo chopanira chimene akukonza, ifike cha pa chigongono, koma popeza vayisi imakhala pamwamba pa thabwa n'kuwonjezera msinkhu, benchi yomweyo imawakwanira onse awiri.

Mukadziwa muyeso, sankhani pakati pa kugula yopangidwa kale ndi kupangitsa kwa amisiri akwathu konkuno. Mabenchi opindika amene amapezeka m'mashopu a zipangizo zomangira ku Lilongwe kapena ku Chipata ambiri anatengera kapangidwe ka Workmate, benchi imene Ron Hickman, katswiri wokonza mapulani a magalimoto ku kampani ya Lotus, anayambitsa, ndipo kampani ya Black & Decker inayamba kuipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nzeru yake ndi yabwino: pamwamba pali matabwa awiri amene amayandikizana mukapukusa zigwiriro, motero benchi yonse imagwira ntchito ya vayisi. Vuto lili pa zotengera zotsika mtengo, zimene miyendo yake imakhala ya chitsulo chopyapyala, zigwiriro za pulasitiki ndi matabwa a utuchi wopanikiza amene amafufuma akanyowa. Musakopeke ndi makilogalamu olembedwa pa katoni, chifukwa nambala imeneyo imanena za katundu wongokhazikidwa pamwamba, osati za kukankha cham'mbali kumene tupa ndi puleni yopalira matabwa zimachita. Kwa munthu wokonza tinthu ta pakhomo mwa apo ndi apo benchi yotere ndi yokwanira, koma kwa amene amadyera ntchitoyi, ine ndimalangiza kupangitsa, popeza chimene chapangidwa pa Kamwendo chimakonzedwanso pa Kamwendo pomwepo chikathyoka.

Popangitsa, thabwa la pamwamba likhale louma ndithu, lochindikala mamilimita 38 kapena kuposerapo. Paini wa ku Chikangawa ndi wopepuka: thabwa la muyeso tatchulawu limalemera makilogalamu pafupifupi 11. Bulugamu ndi wolimba kuposa paini, koma akachekedwa ali wauwisi amapindika ndi kung'aluka pouma, choncho ikani diso m'mphepete mwa thabwalo kuchokera kumapeto kuti muone ngati lili lowongoka, ndipo lokhala ndi mfundo zazikulu pamalo podzakhala vayisi mulikane. Mlombwa ndi mbawa ndi zodula, zolemera, komanso ndi mitengo yachilengedwe imene yatsala pang'ono m'nkhalango zathu. Palibe chifukwa choiwonongera pa benchi yomenyerapo hamala. Pulayiwudu ya mamilimita 18 yophatikiza kawiri ndi guluu nayonso imagwira bwino ntchito, bola m'mphepete mwake mupakidwe penti kuti madzi asalowe.

Nkhani yaikulu ili pa miyendo, ndipo apa mpamene muyenera kukhala pansi ndi wowotcherera kapena kalipentala wanu mpaka mutamvana. Miyendo inayi yoima chilili, yolumikizidwa ndi mipiringidzo yopingasa yokha, imayamba kupendekera uku ndi uku pakangopita nthawi yochepa, ngakhale chitsulo chake chikhale chochindikala bwanji. Chimene chimailetsa ndi mpiringidzo wodutsa mopendeketsa, kuchokera kunsi kwa mwendo umodzi kukafika kumtunda kwa mwendo wina, chifukwa chimango cha ngodya zitatu sichisintha maonekedwe chikakankhidwa. Uzani mmisiri aike mpiringidzo woterewu kumbuyo ndi m'mbali zonse ziwiri, ndipo miyendo itangadze pang'ono kunsi kuti pansi pakhale potambalala kuposa pamwamba. Paipi ya ngodya zinayi ya mamilimita 25 ndi yokwanira ngati si yopyapyala kwambiri; mukasankha matabwa, tengani a mainchesi 2 kwa 3. Polumikiza miyendo ndi thabwa la pamwamba pasalowe msomali. Gwiritsani ntchito mabawuti a M10 (ochindikala mamilimita 10) okhala ndi mawashala aakulu ndi manati omasula ndi zala, kuti mukaweruka muzitha kuphwasula zonse n'kuzimanga mtolo umodzi. Mahinjesi a zitseko amaoneka ngati njira yachidule yopindira miyendo, koma amakhala ndi kampata mkati, ndipo kampata kameneko kamakula tsiku ndi tsiku mpaka benchi yonse kuyamba kuvina.

Pemphaninso kashelefu kamunsi, pafupi ndi nthaka. Anthu ambiri amaganiza kuti benchi yokhazikika iyenera kukhala yolemera pochoka kunyumba, pamene kulemerako mukhoza kukakupeza komweko kumsika: bokosi la zida, njerwa zingapo kapena thumba la mchenga zikaikidwa pa kashelefuko, benchi yopepuka imamatirira pansi. Popeza mabwalo a misika yathu si osalala, yendani ndi timphero tiwiri ta mtengo tokhomera pansi pa mwendo umene walendewera.

Ngati pali pamene simuyenera kuumira ndalama, ndi pa vayisi. Ya milomo ya mamilimita 100 imakwanira ntchito zambiri ndipo siilemetsa njinga mopitirira. Yakale yolimba imaposa yatsopano yopepuka, koma muiyang'ane modekha musanalipire. Ipukuseni kuchokera potseka mpaka potsegula kuti mumve ngati chitsulo chopota cha mkati chikudumpha, tsekani milomo muone ngati ikukumana mofanana mbali zonse, kenako pukutani girizi ndi dothi n'kufufuza ming'alu, makamaka kunsi kwa milomo ndi pa mabowo a mabawuti. Vayisi zambiri zimaumbidwa ndi chitsulo chosungunula chimene chimavuta kuwotcherera, choncho yong'aluka kapena yowotchereredwa kale muisiye ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani. Poimanga, ikhale pamwamba pa mwendo weniweni kuti mphamvu ya hamala itsikire pansi, mlomo wosayendawo utulukire pang'ono kunja kwa thabwa kuti chitsulo chachitali chithe kulendewera, ndipo mabawuti aboole thabwa lonse n'kukamangidwa pa kachitsulo kafulati kunsi. Chinthu chachitali monga sowo kapena chitseko chimafuna kugwiridwa malo awiri, choncho booletsani mzere wa mabowo a mamilimita 20 pa thabwalo olowetsamo zikhomo za mtengo.

Tsiku lokatenga benchi pitani ndi chikwanje ndi tupa. Imikani benchiyo pa dothi, osati pa simenti ya pa shopu, ikani kapu yodzaza madzi pakona, panani chikwanjecho mu vayisi ndipo munole ndi mphamvu zimene mumanolera masiku onse. Madzi akangonjenjemera palibe vuto, koma akatayika, uzani mmisiri awonjezere mpiringidzo musanamalize kulipira. Mukatero iphwasuleni nokha, muimange pa keliyala ndi malegeni, thabwa pansi ndipo vayisi pakati penipeni, n'kupalasa kamtunda pang'ono kuti mumve ngati njinga ikukokera mbali imodzi.

Ikafika pakhomo, pakani miyendo yachitsulo penti yoteteza dzimbiri mvula ya mu Novembala isanayambe, ndipo miyendo yamatabwa muinyike kunsi mu oyilo wakutha wa galimoto chifukwa cha chiswe. Usiku isagone pa dothi. Misewu yafumbi yopita ku misika ya kumidzi imamasula manati, choncho mukafika pamalo, musanapane chilichonse, yambani mwakunga mabawuti a vayisi ndi sipanala.